Makapisozi Awiri a Tamanda

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera ku chisanu chija. Tinali matenanti pa esiteti ina kuseri kwa Mitundu, ndipo mphepo yochokera ku Dzalanyama inkalowa m'kanyumba kathu ngati kwawo. Bambo ndi mayi ankasankha fodya tsiku lonse, manja ali bii. Ntchito yanga inali kulera Tamanda, mng'ono wanga wa zaka zitatu, kamwana kolongolola ngati wailesi.

Chifuwa chinamuyamba ngati zamasewera. Kenaka thupi linatentha, nthiti n'kumalowa m'kati akamapuma. Kuchipatala anati ndi chibayo, napereka makapisozi ofiira ndi achikasu, amokisilini, kuti amwe mpaka athe. Mayi ankatsegula kapisozi n'kuthira ufa wake m'phala. Posakhalitsa Tamanda anadzuka n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Makapisozi otsala mayi anawamanga m'kansanza n'kuwatsomeka kudenga. Aliyense pa esitetipo ankatero. Chipatala n'kutali, mwana wachira, ungamalize bwanji mankhwala oti adzathandiza tsiku lina?

Chibayo chija chinabweranso, chaukali. Anzawo a bambo m'chigafa anati achikasuwo ndi ofooka, enieni ndi ofiira ndi akuda a m'golosale ku Nathenje. Bambo anapalasa njinga ulendo wonsewo, nabwera ali fumbi lokhalokha, atatenga ochepa m'kapepala ka nyuzi. Anawayala pamkeka pafupi ndi a mayi aja.

"Awa ndiye amphamvu, taonani kuda kwake," anatero bambo.

"Iyayi, bambo a Tamanda, amene anamudzutsa ndi awa," anayankha mayi.

Palibe amene anagonja. M'mawa Tamanda ankamwa akuda, madzulo achikasu, tsiku lina osamwa konse chifukwa anasanza. Makolo anga ankayang'anitsitsa nkhope yake kuti aone omwe akugwira, masiku n'kumapita. Ine ndinkamubereka padzuwa kuseri kwa chigafa, ndikumva mpweya wake ukulira pamsana panga. Kulongolola kuja kunatheratu, mayo ine.

Pamene makolo anga anabwereka ngolo kuti abwerere naye kuchipatala ku Mitundu, milomo yake inali itada. Sanafike ku Mitundu. Ngoloyo inatembenukira panjira, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono, ndipo kulira kwa mayi ndinakumva ndisanawaone.

Zaka zambiri ndinkadana ndi makapisozi akuda aja. Ndinkati ndiwo anapha Tamanda, ndipo pansi pa mtima ndinkawakwiyira bambo. Nditakula ndinamva kuti dzina lawo ndi ampisilini, ndi kuti mankhwala awiriwo ndi pachibale, ntchito yawo pafupifupi imodzi. Panalibe cholimbirana pamkeka paja. Chimene chinkafunika n'chakuti amalize oyamba aja, ndipo chifuwa chitabwerera tithamangire kuchipatala.

Mayi sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Iwo sanamumane mwana mankhwala. Ankasungira yemweyo, Tamanda, kuti akadzadwalanso asadzasowe.