Phazi la aSilvesta

Alamu anga aSilvesta sanamalizepo kapu ya tiyi ali chikhalire. M'mawa ali ku munda wa mpunga, masana akupalasa kabaza pakati pa Mua ndi Golomoti, Loweruka ali pabwalo ndi mbalule, ng'oma ija imatsogolera wovina. Ngakhale pamaliro, ena atazolika, phazi lawo lamanja limagunda pansi lokha. Mlongo wanga Anjelina, mkazi wawo, anatopa n'kuwatsina m'tchalitchi.

Mu 2016 mwendo womwewo unayamba dzanzi. Anatemera mphini, osathandiza. Njinga anaiimika, nayamba kuyendera ndodo, ndipo munthu wosazolowera kukhala uja anasanduka wamkwiyo, mpaka nkhuku za pakhomo zinkawathawa. Madokotala anati vuto lili mumsana, tipite ku Blantyre kumene kuli makina ojambula m'kati mwa thupi, aja amati MRI. Anjelina anali ndi khanda, ndiye woperekeza ndinali ine.

Mayi wojambula anatisonyeza kabotolo ka mankhwala oyera ngati madzi.

"Bambo, tiyamba kujambula chabe," anatero mayiwo. "Kenaka tikubayani awa mumtsempha. Amayenda ndi magazi, ndipo ngati pali chotupa, chimawala pachithunzi. Impso zanu taziyeza, zili bwino, mankhwalawa atuluka ndi mkodzo. Koma ndi osowa. Mukagwedezeka chithunzi chiwonongeka, ndipo mudikira miyezi kuti tibwereze."

Kuuza aSilvesta kuti asagwedezeke n'chimodzimodzi kuuza mbuzi kuti ilondere chimanga. Ndipo miyeziyo, mwendo uja ukanatidikira?

Anawavula kolona ndi lamba n'kuwalowetsa. Ine ndinatsala pakhonde, kukhala, kuimirira, kukhalanso. Posakhalitsa chimakina chinayamba kugunda, mpaka kumveka kunja. Kugunda kwake kunali ndi ndondomeko, kenaka n'kusintha, n'kufulumira, ndendende ng'oma za pabwalo. Ndinadzipeza nanenso ndikugwedeza mutu, ndipo ndinachita mantha. Ngati ine wosadziwa kuomba zandigwira, nanga mwini mbalule?

Anatuluka nkhope ili yakugwa, thonje lili pamkono, nadzikhazika pabenchi.

"Alamu, ndaononga," anatero motsitsa mawu. "Poyamba ndinapirira. Koma atandibaya, kuzizira kunakwera mkono, m'kamwa ngati ndanyambita msomali, ndipo chinthu chija chinasintha kaombedwe. Ng'oma ikaitana umayankha, alamu. Phazi ili lavina mpaka pomaliza. Ndalikaniza, landikanira."

Ndinawakalipira, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati anthu tasiya mpunga ukudyedwa ndi mbalame, iwo n'kudzayesa chipatala ngati bwalo la gule. Ndinati Anjelina akamuuze okha. Iwo anaweramitsa mutu.

Tili choncho, mayi aja anatulukira akumwetulira.

"Zithunzi zatuluka bwino kwambiri. Adokotala aziona mawa, akufotokozerani zonse. Odwala onse akanakhala odekha ngati bambowa, bwenzi ntchito yathu ili yopepuka."

"Odekha?" ndinafunsa ine.

"Eya. Ndimawaona pagalasi nthawi yonseyi. Ngakhale chala cha kuphazi sichinasunthe."

ASilvesta anakweza mutu pang'onopang'ono.

"Mayi, mumayang'ana lamanjali?"

"Onse awiri, bambo. Mapazi ndi amene amatsalira poonekera."

Mayiwo anapita kukaitana wodwala wina. M'katimo chimakina chinayambanso kugunda. Alamu anga anavula patapata, naika phazi pasimenti, natseka maso. Ndinaona mapewa awo akutsata ng'omayo, milomo ikuwerenga, thukuta likutsika pachipumi.

"Taonani bwino, alamu," anatero osatsegula maso. "Panopa likuvina, eti?"

Ndinayang'ana phazilo nthawi yaitali. Linali phee.