Kalata Imene Inagona M'jekete Langa

Mlamu wanga telala sankachoka pakhomo asanagwedeze chitseko katatu. Akakhoma, ankachotsa kiyi, n'kugwira chogwirira: kamodzi, kawiri, katatu. Kenako ankachisisita ndi chikhatho, n'kutsika masitepe awiri aja. Ankatero ngakhale mkazi wake, mlongo wanga, ali m'kati.

"Bambo, mukunditsekera ngati nkhuku?" ankakuwa mlongo wangayo.

"Khomo lakuseri lilipo, mayi. Ili ndi langa."

Zonsezi ndinkazionera pawindo, tsidya la msewu. Ine ndakhala m'nyumba ya lendi zaka makumi atatu ndi zinayi: zipinda ziwiri, denga lodontha pakona ya bedi, ndi landilodi wolowa osaodira. Chitseko changa mutachigwedeza katatu chikhoza kukugwerani.

Nyumba yake anaigula ndi ngongole ya banki, yobweza mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi awiri. Tsiku lolowamo anandiyendetsa chipinda ndi chipinda mpaka kubafa.

"Alamu, tatsegulani mpopewo."

Ndinatsegula, madzi n'kutuluka. Ndinangowayang'anitsitsa.

"Mwadabwa chiyani? Mumati mutuluka tiyi?"

Ndinaseka nawo. Koma ndinabwerera kwanga ngati ndameza imodzi mwa singano zake. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo suti imene anakwatira nayo mlongo wanga inali yanga.

Ndinali mesenjala, ndipo chinthu chimodzi chokha ndinali nacho changachanga: bokosi la ku positi ofesi ndi kakiyi kake. Iye analibe, motero pa mapepala a banki analemba nambala ya bokosi langa. Makalata ake onse ankadzera m'manja mwanga.

Zaka khumi ndi zitatu zinthu zinayenda. Kenako maso ake anayamba kuchita nkhungu. Ndinkamuona pakhonde, pomwe panali makina ake, akusaka bowo la singano ndi ulusi mpaka kasitomala kutopa n'kumulowetsera yekha. Sukulu imene ankaisokera mayunifolomu inapita kwa telala wina. Makalata a banki anayamba kubwera pafupipafupi.

"Alamu, amenewa muzindipatsira m'manja," anatero. "Mlongo wanu asaone. Mtima wake mukuudziwa."

Ankawawerenga atawayandikitsa pamphuno, n'kuwabisa m'dirowa ya mabatani. Akapeza kangachepe ankakaponya ku banki. M'mawa mwake, katatu monga mwa masiku onse.

Tsiku lina kunabwera kalata yosainira. Ndinasaina ndine. Panja ndinaikweza kudzuwa, ndipo mawu ofiira anaonekera: chenjezo lomaliza, masiku makumi atatu, apo ayi nyumba igulitsidwa. Ndinaiika m'thumba lam'kati la jekete.

Sindinaiiwale. Ndisanamize munthu. M'mawa uliwonse ndinkaigwira pachifuwa ndikumuonera pawindo. Sindinkafuna kuti mlongo wanga agone panja. Ndinkangofuna kuti ndione mlamuyo tsiku limodzi lokha akutuluka pachitseko ngati mmene timatulukira enafe. Kalatayo inakhala m'jekete masabata atatu.

Sabata yachinayi kunabwera bambo wina wa tayi, n'kuyamba kujambula nyumbayo ndi foni, kutsogolo, m'mbali, mpaka kuseri. Mlongo wanga anatuluka ndi mpando.

"Jambulani ndi maluwawo, bambo. Ndinabzala ndekha."

"Ndi za ku banki izi, mayi."

"Eya, a banki amatidziwa. Mumwa madzi?"

Ndinavala jekete n'kuwoloka msewu. Telala anali pamakina. Kalatayo sindinamupatsire m'manja. Ndinaiika patebulo pamaso pa onse awiri. Mlongo wanga ndiye anaitsegula, poti maso abwino ndi ake. Anawerenga mpaka pansi, kenako anakoka dirowa ya mabatani ngati munthu amene wakhala akuikayikira kalekale.

"Miyezi isanu ndi iwiri, bambo! Mumagwedeza chitseko cha eni ake m'mawa uliwonse, ine n'kumati ndinakwatiwa ndi mwininyumba?"

"Ndimati ndikonza, mayi."

"Mukonza ndi chiyani? Ndi mabatani?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Inunso achimwene, mumadziwa?"

"Ine ndimangonyamula," ndinatero.

M'mawa mwake tinapita ku banki tonse atatu. Anatilowetsa m'kachipinda ka magalasi, momwe munali mayi wina wofatsa, wa mandala pamphuno. Anamvetsera zonse osadula mawu.

"Mukanabwera kalatayi itangofika," anatero, "tikanakuwonjezerani zaka, muzilipira pang'onopang'ono muli m'nyumba mwanu momwemo. Pano fayilo yapita kale kwa ogulitsa. Kuti ndikaibweze, ndikufunika kukawaonetsa ndalama yotsimikizika ya mwezi ndi mwezi. Makina osokera sangawakhulupirire. Pezani munthu wa lendi wapantchito, azilipira kuno mwachindunji. Mwatsala ndi masiku asanu ndi limodzi."

Mlamu wanga anatenga envelopu ija, n'kuiyandikitsa pamphuno, pa chidindo cha deti. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine. Za chidindocho sanazitchulepo mpaka lero.

Mlongo wanga ndiye anapeza wa lendi tsiku lachinayi: namwino wa ana awiri. Banki inavomera, nyumba sinagulitsidwe. Funso linali lakuti eni ake akagona kuti. Ndinayankha ndisanafunsidwe. Chipinda changa chogona ndinawasiyira, ine ndimayala matiresi pabalaza, pafupi ndi makina ake.

Tikukhala choncho chaka chachitatu tsopano. Windo lija tikugawana. Iye amakhala pampando, nkhope pagalasi, n'kumandifunsa.

"Alamu, ana aja sakukwera geti?"

"Sakukwera."

"Maluwa akuthirira?"

"Akuthirira."

Ndimayankha zoona. Ndimadziwanso kuti zikadzatha zaka zatsalazo adzawoloka msewu kubwerera kwake, ine n'kutsala ndi chidebe changa pakona ya bedi. Munthu akugona pabedi langa, akudya patebulo langa, koma tsidya la msewu landilodi ndi iyeyo. Singano ndinameza ija ikadali pomwe inaima.

Chitseko changa sanachigwedezepo. Akamatuluka amangochikankha ndi phazi monga ndimachitira ine. Ndi zimene ndinkafuna kuona, ndipo ndimaziona tsiku lililonse.

Komaliza kumuona akuchita zake zija linali tsiku losamuka. Katundu tinali titawolotsa kale, makina tinanyamula awiri. Namwino anaima m'munsi mwa masitepe, ana ake atakhalira masutikesi. Mlamu wanga anakhoma nyumba yopanda kanthu.

"Bambo, musakhome, tikulowa pompano," anatero namwino.

Iye anachita ngati sanamve. Anachotsa kiyi, n'kugwira chogwirira: kamodzi, kawiri, katatu. Anasisita chitsekocho ndi chikhatho, n'kutsika masitepe awiri aja, n'kumupatsa mayiyo kiyi.