Adadi akana kusayina pansi pa masitepe

Mwaswera bwanji nonse. Imvani zimene achita adadi lero.

Paja anaitanidwa ku msonkhano ku Old Town, wokonza za mmene anthu angathawire madzi akasefukira. Boma linapereka ndalama za ntchitoyi, koma lamulo lake ndi loti anthu aulumali akhalepo pokonza mapulaniwo. Ndinawaperekeza pa njinga yawo ya aulumali ija, atavala jekete lija anabwera nalo kuchokera ku Zomba likulu likusamuka.

Titafika tinapeza kuti msonkhano uli m'chipinda cham'mwamba, njira yake masitepe okhaokha. Mayi wina wa komiti anatsika ndi fomu, mwaulemu ndithu. Amvekere, "Agogo, musavutike, ingosayinani apa kuti munabwera."

Adadi anamwetulira, manja ali pamaondo. "Mwanangu, ngati mwalephera kundikweza lero kuli dzuwa, tsiku la madzi mudzanditulutsa bwanji?"

Mayi uja anabwerera m'mwamba. Posakhalitsa tinaona anthu akutsika, aliyense atanyamula mpando wake, ndi atcheyamani omwe. Msonkhano wonse unachitikira panja, pansi pa mtengo wa mango. Adadi anayankhula nthawi yaitali, mpaka kutchula makomo a anthu osamva, amene wezulo yochenjeza ikalira sadziwa kanthu. Fomu ija anasayina kumapeto kwenikweni.

Tsopano anthu aja akufuna kuwaika adadi mu komiti. Ine ndikuopa BP yawo ija, koma pobwerera amaimba nyimbo njira yonse, zomwe sanachitepo chimwalirireni amami.

Achimwene, inu ngati wamkulu mukuti bwanji? Tiwalole?