Mzere wa Dzanja la Alamu Anga

Akulu anga akhala m'nyumba imodzi chikwatiwireni, akusoka madiresi pakhonde. Amuna awo, alamu anga, anali okonza mawotchi mpaka maso anawathera. Atachita khungu anakana ndodo, ati ndodo ndi ya nkhalamba. M'nyumba ankayenda dzanja lili pakhoma, kuchoka kuchipinda mpaka pampando wawo. Dzanjalo linasiya mzere wakuda pakhomapo, ndipo alamu atamwalira, akulu anga sanalole munthu kuupukuta.

Kenaka msewu unakuzidwa n'kudya theka la nyumbayo. Kunatsala kamalo kowonda ngati lamba. Mwana wawo, yemwe amajambula mapulani a nyumba ndipo sachedwa kukukumbutsani zimenezo, anati palibe vuto.

"Amayi, makoma am'katiwa ndi amene akutha malo. Tigwetse onse. Denga lathyathyathya, windo limodzi lalikulu, penti yoyera. Chopanda ntchito chisakhalemo."

"Nanga bambo ako azigwira chiyani?" anafunsa akulu anga.

Mwanayo anayesa kuti ndi nthabwala, ndipo makoma anagwa.

Ndisaname, nyumba inatuluka yokongola, ngakhale ine ndimati yafanana ndi chipatala. Koma akulu anga anayamba kuwonda. Ndinkawapeza masana makina osokera ali zii, iwo ataima pakati pa chipinda chopanda kanthucho, akutchera khutu.

"Asochera," anandiuza tsiku lina. "Ndikuwamva akupapasa m'malere. Munthu kusochera m'nyumba mwake, mng'ono wanga."

Ndinachita mantha, osati ndi malemuwo, koma kuti akulu anga atitsogolera tikuona. Ndinapita kwa mwanayo kuti abwezeretse ngakhale kakhoma kamodzi.

"Mayi aang'ono, pulani iwonongeka," anatero. Mawu a akulu amakoma akagonera, ndinamusiya.

Akulu anga sanakangane naye. Anangoyamba, m'mawa uliwonse, kuyenda kuchoka pabedi mpaka pampando uja, chikhatho chili pakhoma lalitali lam'mbali, akulankhula motsitsa. "Apa ndi pawindo, bambo. Apa mupatuke pang'ono, pali tebulo." Patapita miyezi anayambanso kudya, makina nawo anayambanso kulira.

Mwanayo atamva kuti khoma lake loyera lada, anabwera ndi chitini cha penti. Ine ndinalipo. Anaima burashi ili m'manja, osaiviika. Mizere pakhomapo inali iwiri. Wam'munsi unali wa akulu anga, omwe ndi aafupi ngati ine ndemwe. Winawo unadutsa pamwamba, pamene pamafika phewa la munthu wamtali ngati malemu aja, ndipo unakathera pampando.

"Afika," anatero akulu anga, osadzutsa mutu pamakina. "Usawasocheretsenso."

Mwanayo anatseka chitini chija. Anakweza dzanja n'kuliika pamzere wapamwambawo.