Jobe ndi Nkhukundembo ya Anthu a ku Canada

Abale anga, ine ndayenda. Ndadya nsomba ku Dubai, ndadya nyama yootcha ku Joni, ku Toronto ndinadya mpaka kumasula lamba. Ndinayamba ndi kugulitsa zitenje pamsika wa Limbe, lero pasipoti yanga ndi yachitatu, ziwiri zinadzaza zidindo. Ndiye ndikakuuzani kuti ndinakumana ndi munthu wolimba mtima, mundikhulupirire, chifukwa anthu ndawaona ambiri. Munthuyo ndi Jobe Chagunda wa ku Ntcheu.

Lamlungu lina mu Okutobala 1997, Jobe anakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa khitchini ya azungu ku Lang'ata, mu Nairobi. Manja ake anali mafuta okhaokha. M'nyumbamo madamu ake ankalira, ndipo amene anawaliritsa anali iyeyo. Ankadziwa kuti ntchito yatha. Ntchito ikatha, kachipinda kake ka kuseri kwa nyumba kathanso, ndipo mu mzinda wonsewo munalibe khomo lina limene akanagogoda.

Jobe anabwera ku Kenya kudzaphunzira zaubusa. Mpingo wa kwawo unamusonkhera, amayi a chigwirizano anamuperekeza mpaka pa depoti akuimba. Koma mayeso anamukanika. Analemba, analephera, anabwereza, analepheranso. Sukulu inamuuza kuti malo ake apatsa wina.

Kubwerera kumudzi anachita manyazi. Akauza chiyani anthu amene ankamutcha kale abusa? Anatsala mu Nairobi, nayamba kutsuka masufuria m'kibanda china chogulitsa chakudya pafupi ndi bwalo la ndege la Wilson. Kumeneko anaphunzira kuphika chapati, nyemba ndi nyama ya msuzi. Amalawi anzake iye ankawathawa. Akamva Chichewa m'matatu, maminibasi a kumeneko, ankatembenukira kuwindo, n'kumamvetsera mawuwo ngati munthu wanjala amene akununkhiza chakudya cha eni ake. Ankatha miyezi osalankhula chilankhulo chake, kupatula popemphera.

Mlonda wina amene ankadya m'kibandamo ndiye anamuuza kuti mabwana ake akufuna khukhi. Anali a Edmond ndi akazi awo a Jean, ochokera ku Canada. Bamboyo ankagwira ntchito yotumiza chakudya pandege kumadera a njala, mayiyo anali namwino. Anamutenga Jobe mongomuyesa kaye. Anamupatsa kachipinda kokhala ndi bedi, babu ndi loko. Usanyoze loko, m'bale wanga. Munthu amene wagonapo pa benchi ya m'kibanda amadziwa kukoma kwa kiyi m'thumba.

Tsono anthu a ku Canada ali ndi tsiku lawo lothokoza chifukwa cha zokolola, lotchedwa Thanksgiving. Limakhala Lolemba lachiwiri la Okutobala, nthawi imene kwawoko masamba a mitengo amafiira n'kumayoyoka, chisanu chili pafupi. Ndi Masika awo, koma iwo mwambowo amathera patebulo la kunyumba. Ana amene ali kutali amabwerera kwa makolo. Pamakhala mbatata yopota, msuzi wa bulauni, jamu wofiira wowawasa wa tizipatso ta kwawo, ndi payi wa dzungu. Mfumu ya tebulo ndi nkhukundembo. Zonsezi ine ndinaziona ndi maso anga ku Toronto, koma Jobe panthawiyo sankadziwa kanthu.

Popeza Lolemba ku Kenya ndi tsiku la ntchito, a Jean anakonza zoti phwando likhale Lamlungu masana. Nkhukundembo anaiitanitsa kale kwa mlimi wina wa ku Limuru, imodzi yokha, yaikulu ngati mwana wa mbuzi. M'mawa anauza Jobe kuti aitsuke, asende mbatata, zina zonse adzachitira limodzi iwo akabwera kutchalitchi. Koma galimoto inawafera panjira.

Jobe anayang'ana dzuwa, anayang'ana chimbalame chija. Mumtima anati: alendo afika, ndiwo zisanapse, manyazi adzagwira madamu. Apa ndi pamene ndingaonetse kuti ndine khukhi.

Ananola mpeni. Anaidula bwinobwino monga timadulira nkhuku ya alendo kwathu: miyendo payokha, mapiko paokha, chidali, msana, khosi, chiwalo chilichonse chooneka kuti mlendo asadandaule kuti china chabisidwa. Anakazinga anyezi, anathira tomato wambiri, anaika pamoto. Fungo linafika mpaka pageti. Nthutumba anaiika pa kambale kakekake, n'kukakhazika pamalo a bambo a panyumba, monga mwa ulemu.

A Jean atalowa m'khitchini anavundukula sufuria. Anasuzumiramo.

"Jobe, mbalame ili kuti?"

"Ndi imeneyo, Madamu. Yapsa bwino. Palibe chiwalo chasowa."

Mayiyo anagwira pakamwa, n'kuthamangira kuchipinda. A Edmond anabwera, anasuzumira m'sufuriamo, anapuma mozama. "Tikambirana mawa," anatero.

Ndi mmene Jobe anapezekera pa ndowa paja. Alendo anafika, ankamva mafoloko akulira, mawu ali apansipansi ngati pamaliro. Chimene analakwa sankachidziwa, ndipo panalibe womufunsa.

Kenaka chitseko cha khitchini chinatseguka. Panatuluka mayi wina wamfupi, wa magalasi, atanyamula kambale ka nthutumba kaja.

"Mmalawi amene wachita zimenezi ali kuti?" anafunsa m'Chichewa.

Jobe anafuna kunamizira kuti sakumva. Koma pakamwa panamugulitsa. "Ndili pano, mayi."

"Ndinadziwa! Nditangoona nthutumba pa sosala ndinati, Ambuye, mwana wa kwathu wafika pano. Ine ndine Modesta, wa ku Mulanje, ndimagwira ntchito ndi a Jean. Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Ntcheu."

"Eee, Angoni inu! Mukaona nyama, dzanja lili kale pa mpeni. Mwaikhapa ngati mdani mbalame ya eni ake!"

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta magalasi. Ataona kuti mnzawoyo sakuseka, anakhala pa sitepe n'kumufotokozera. Iwo anaphunzira ku Canada, mwambowo ankaudziwa. Nkhukundembo imawotchedwa yathunthu mu uvuni, m'mimba mwake atadzazamo buledi wonyenyanyenya, anyezi ndi masamba onunkhira. Imabwera patebulo yonse, yofiirira, anthu n'kuombera m'manja. Kenaka mkulu wa banja amaimirira n'kumadula, kufunsa aliyense mbali imene akufuna. Kudulako ndiye mwambo. A Jean bambo awo anali atamwalira chaka chomwecho iwo ali ku Kenya, maliro sanawaone. Chimene analandira ndi mpeni umene bambowo ankadulira nkhukundembo chaka ndi chaka. Lero unali woti ugwire ntchito koyamba m'manja mwa a Edmond.

"Ndiye mwawadulira kale," anatero a Modesta. "Mpeni wa malemu uli patebulo, ulibe chodula."

Jobe anawerama. Iyenso ankadziwa kukhala kutali ndi kwanu. Sankaganiza kuti mzungu wa galimoto ndi nyumba yaikulu angakhalenso wosungulumwa.

"Dzukani, akukuitanani," anatero a Modesta. "Tsiku la lero kwawo munthu sadyera yekha kuseri. Ndi lamulo."

Jobe analowa, anakhala m'mphepete mwa mpando. Atatha kudya, aliyense ankanena chinthu chimodzi chimene akuthokoza, mozungulira tebulo. Wina anathokoza thanzi, wina mvula. A Jean anati akuthokoza bambo awo, mawu n'kuthera pomwepo. Itafika nthawi ya Jobe, anayang'ana mbale yake. "Ndikuthokoza kuti lero ndalankhula Chichewa," anatero. Azunguwo sanamvetse. A Modesta okha ndi amene anasiya kumwetulira.

M'mawa mwake a Edmond sanakalipe. Anangoti aona kuti zakudya za kwawo Jobe sazidziwa, apeza khukhi wina wozolowera azungu, ayamba mwezi wamawa. Jobe atha kukhala mpaka mwezi uthe.

Apa ndi pamene ine ndimamuvulira chipewa munthu ameneyu. Ambiri akanakwiya n'kumati nyama inapsa bwino, vuto n'chiyani. Ena akanalongedza tsiku lomwelo. Jobe anapita kwa a Modesta kudera la South C, munthu amene kale akanamuthawa, n'kukagogoda.

"Mayi, ndiphunzitseni."

"Nkhukundembo muitenga kuti?"

"Nkhuku ilinso ndi mapiko."

"Angoni kuuma mutu! Lowani."

A Modesta anamuuza zonse pakamwa, koma uvuni wawo unali wakufa, ndipo wa mabwana Jobe sakanayerekeza kuyeserapo. Anapeza sufuria yaikulu, anathira mchenga pansi, anaikamo ina yaing'ono, makala pansi m'jiko, mbaula ya ku Kenya, makala ena pa chivundikiro, monga amayi ake ankaphikira chigumu. Akaweruka masana ankakhala yekha kuseri kwa kachipinda kake, kuyang'anira moto.

Nkhuku yoyamba inapserera kunja, mkati muli magazi. Yachiwiri inauma ngati chikuni. Ankadya zolakwa zakezo yekha, chifukwa zotaya analibe. Anaphunzira kuithira mafuta ake omwe pafupipafupi, kuchepetsa makala, kudikira. Kudikirako ndiye kunamuvuta, poti ife tinazolowera kuvundukula n'kutakasa. Payi wa dzungu woyamba anatuluka phala. Tizipatso tofiira ta ku Canada sitinkapezeka, koma a Modesta atamulawitsa katsalira ka jamu m'kabotolo, lilime linamukumbutsa chidede. Anayenda misika mpaka anachipeza chouma kwa mayi wina wa ku Tanzania, anachiphika ndi shuga.

Lamlungu lomaliza la mweziwo, chikwama chake chili chomanga kale, anapempha kuti aphike chakudya cha masana. A Jean anangogwedeza mutu kuvomera.

Anayala tebulo. Anabweretsa mbatata yopota, msuzi, jamu wa chidede. Pomaliza analowa ndi tambala wamkulu, wathunthu, wofiirira, wonyezimira, buledi akusuzumira m'mimba. Anamukhazika pakati pa tebulo. Mpeni sanaike. Anabwerera m'mbuyo n'kuima pakhomo, manja kumbuyo.

"Si nkhukundembo, Madamu," anatero. "Koma sindinamukhudze."

A Jean anamuyang'ana tambalayo. Anadzuka, analowa kuchipinda. Jobe mumtima anati ndawaliritsanso. Koma mayiyo anatuluka ndi kabokosi kathabwa, anatulutsamo mpeni wa chigwiriro cha nyanga, n'kuupereka kwa amuna awo. A Edmond anaimirira.

"Jean, ukufuna mbali iti?"

"Ya chidali," anayankha, misozi ikutsika. "Bambo ankayamba ndi ine."

Analawa jamu uja, anafunsa kuti wachokera kuti, Jobe anafotokoza. Anafunsa kuti wawotchera pati, poti uvuni sunayatsidwe. Jobe anawatengera kuseri, anawaonetsa jiko, mchenga ndi sufuria yakuda. A Edmond anakanda mutu, anayang'ana akazi awo.

"Khirisimasi ikubwera," anatero a Jean. "Tidzafuna nkhukundembo yeniyeni. Mawa ndikuphunzitsa kuyatsa uvuni. Kamasule chikwama chako."

Khukhi winayo a Edmond anamupezera ntchito kwa anzawo. Jobe anatsala.

Anakhala nawo mpaka pamene anabwerera kwawo. Pofika nthawiyo dzina lake linali litamveka pakati pa anthu a ku Canada a mu Nairobi, kenaka Aamerika, amene tsiku lawo lotere limabwera mu Novembala. Anayamba kuwotchera mabanja ena. Anachita lendi kanyumba ku South C, anagula uvuni wakale, kenaka wachiwiri. Anayamba kuweta nkhukundembo zake kunja kwa mzinda. Kumudzi anapita mu 2003, anakaima pamaso pa mpingo n'kunena yekha kuti ubusa unamukanika. Amayi ake anali atamwalira kale, ndipo chimenechi chimamupweteka mpaka lero. Si zonse zimene zimabwezeka.

Ine ndinawadziwa a Chagunda mu 2006. Ndinali ndi alendo a bizinesi ochokera ku Vancouver, ndinafuna kuwadabwitsa. Ndinafika pa khitchini yawo ndi galimoto yahayala, suti yanga ya ku Italy, ndinati ndikufuna nkhukundembo yaikulu kuposa zonse. Anatuluka atavala epuloni yoyera, antchito ali piringupiringu kumbuyo kwawo.

"Achimwene, mwachedwa. Nkhukundembo za Okutobala zinatha kale mu Ogasiti."

Ine, amene mahotela a ku Dubai amandisungira tebulo! Ndinaseka mpaka kugwira galimoto, ndipo kunena zoona ndinanyadira. Anandikhazika pansi, anandipatsa tiyi ndi payi wa dzungu woposa amene ndinadya ku Toronto, n'kundisimbira zonsezi.

Tsono iwe amene ukuwerenga, mwina uli kutali ndi kwanu. Mwina unalephera, ukubisala, ukuthawa anthu a kwanu pamsewu. Mwina unachita chinthu ndi mtima wonse, n'kupezeka kuti walakwitsa ndithu. Usakhalitse pansi ukudzimvera chisoni. Funsa chimene walakwa. Gogoda pakhomo la amene akudziwa, ngakhale akuseke. Yesa ndi chaching'ono chimene ungakwanitse, chikapserera uyesenso. Akakuuza kuti ukhale mpaka mwezi uthe, masikuwo ndi ako, uwagwiritse ntchito mpaka tsiku lomaliza. Mtima wakowo usautaye, m'bale wanga. Dzuka.