Atsibweni Anga ndi Agalu a ku Kanengo

Atsibweni anga anafika kwathu ku Area 25 mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula thumba la mtedza ndi envelopu yakhaki yopanda kanthu m'kati. Anati abwera kudzafuna ntchito. Fodya anali atawagwiritsa fuwa lamoto chaka chimenecho, ndipo kumudzi anamva kuti ku Kanengo aliyense wa miyendo iwiri amalembedwa ulonda.

Tsiku limene anafikalo n'kuti ine ndili ndi mlandu. Ndinali nditasinthanitsa maloko a zimbudzi ziwiri za pa puloti yathu, cha alandilodi ndi cha ife a lendi, ndiye m'mawa wonse anthu ankangovina pakhomo la chimbudzi, aliyense kiyi wake m'manja, loko akukana. Ine ndinkaonerera ndili mumtengo wa mango. Mpaka lero ndimati imene ija inali ntchito yaluso.

Amayi anawafotokozera atsibweni nkhaniyi akubisa kaphwete m'chitenje. Atsibweni sanaseke.

"Takulandirani, ankolo," ndinatero ndikuwalandira thumba.

"Ankolo ndiye ndani? Ndine atsibweni ako ine." Anatembenukira kwa amayi. "Alongo, mwana uyu tauni yamudya mutu."

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Bambo anga ali ku Joni, koma ngakhale akanakhala pakhonde pomwepo, mawu omanga pa za ine ndi a atsibweni. Ndiye atamwa madzi n'kupukuta pakamwa, anagamula.

"Mvula yoyamba ikagwa ndisanapeze ntchito, ndikubwerera kukawokera fodya, ndipo uyu ndikupita naye. Folomu 3 yakeyo akaimalizira m'chigafa."

Ndinayang'ana amayi kuti anenepo kanthu. Iwo anangoyang'ana pansi n'kumatola timiyala mumpunga. Apo m'pamene ndinadziwa kuti si zocheza. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikadzuka, choyamba n'kuyang'ana kumwamba.

Pa puloti yathu, CV imalembedwa ndi mwana wa sukulu. Akuluakulu amakhala pa benchi n'kumayankhula, mwana n'kumasandutsa mawuwo Chingerezi pa foni, kenako n'kukapulintitsa ku kontena ya pamsika. Ineyo ndinali nditalemberapo kale anthu angapo, ndipo ndinkadziwa lamulo lake lalikulu, limene atsibweni nawonso anabwera nalo kuchokera kumudzi: wofuna ntchito sanena kuti sindidziwa. Ukatero, amene ali kumbuyo kwako pamzere anena kuti akudziwa.

"Lemba kuti ntchito iliyonse ndimatha," anatero.

"Iliyonse, atsibweni?"

"Wagontha? Iliyonse."

Pakhoma la kontena ija panali patamatidwa chidziwitso cha kampani ina ya alonda ya ku Kanengo. Ankafuna anthu, ndipo mmunsi analemba kuti odziwa kuyenda ndi agalu ndiwo ayambe kuonedwa. Nditawerenga mzere umenewo ndinamva kutsekemera m'mimba, kumene ndimamva nthawi zonse chinthu chabwino chikamabwera.

Chifukwa chake n'chakuti ine ndinali nditaona zimene wina aliyense sanaone. Masana ena anthu onse atachoka, kamwana ka galu ka alandilodi, kosafika n'komwe m'bondo, kanathamangira atsibweni kakugwedeza mchira. Bambo wamkulu uja anakwera pamulu wa njerwa ndi liwiro la nyani, patapata imodzi n'kutsala pansi, ndipo anakhala pamwambapo akunong'ona kuti "choka, choka iwe" mpaka kagaluko kanatopa n'kupita ndi patapata ija. Ine ndinali kuseri kwa zenera, nditaluma pilo.

Koma madzulo aliwonse munthu yemweyo ankakhala pa benchi ya amayi ena ogulitsa mandasi, oyandikana nafe, amene amuna awo anamwalira kalekale. Ankawasimbira za uzimba. Ati kumudzi anali ndi agalu ambirimbiri, ati akaimba likhweru nguluwe zinkatuluka zokha m'phanga kudzapepesa. Amayi a mandasi ankagwira pachifuwa n'kumawawonjezera mandasi ena aulere.

Ndinalemba CV ija bwinobwino. Sukulu ya pulayimale, ulimi wa fodya, mphamvu, kusamwa mowa. Pansi pake ndinaika kuti ndi katswiri wosamalira ndi kulamulira agalu olusa kuyambira iwo ali mnyamata. Pamalo pa anthu ochitira umboni ndinaika abusa athu, kenako ndinapita kwa amayi a mandasi kukawapempha nambala.

"Akakuimbirani a kampani, mungonena zimene mukudziwa, amayi."

"Iii, mwanawe, ndinena zonse! Za nguluwe zomwe."

Musaganize kuti ndinabisa kanthu. Ine sindichita zamseri. Nditapulintitsa, ndinadikira nthawi imene atsibweni anali pa benchi ija, amayi anga ali pomwepo, ndipo ndinawerenga pepala lonse mokweza, ndikumasulira m'Chichewa mzere ndi mzere ngati wotanthauzira ulaliki. Nditafika pa agalu ndinakweza mawu. Amayi a mandasi analuluta. Amayi anga anati, "Achimwene, ndiye mwapata kale basi." Atsibweni anasiya kutafuna. Mandasi anawaima pakhosi, maso ali pa ine, osaphethira.

Anandipeza kuseri kwa bafa ndikutunga madzi mu diramu. Anandigwira khutu ndi zala zosokera fodya zija, zolimba ngati pulayala.

"Kafufute."

"Ndifufute chiyani, atsibweni? Si munati iliyonse?"

Anapotokola.

"Chabwino, ndikafufuta. Koma ndiyambe ndakawauza amayi aja kuti za agalu asanene. Akafunsa chifukwa, ndiwauze kuti chiyani?"

Khutu linamasuka pang'onopang'ono. Anaima akupumira m'mwamba, kenako anayankhula motsitsa kwambiri, ngati munthu amene akupereka malonje a maliro.

"Pepala limeneli likandichititsa manyazi, sitidikiranso mvula. Tikwera basi tsiku lomwelo. Ndipo kumudzi kulibe amayi ako."

Envelopu inapita ku mapemphero a Lachinayi m'chikwama cha amayi, inasanjikidwa manja, inabwerako ili ndi kadontho ka mafuta pakona. Atsibweni anakaisiya ku geti ya kampani. Amayi a mandasi anaimbiridwa foni ali pa moto, ndipo puloti yonse inamva umboni wawo. Anayankhula mpaka mandasi anapserera.

Masiku amenewo kumwamba kunayamba kusintha. Masana mitambo inkaunjikana chakumadzulo, yakuda bii, n'kumangoima. Mphepo inkanyamula mapepala a pulasitiki n'kuwapachika pa mawaya a magetsi. Atsibweni anasiya kundikalipira. Ankangonditsata ndi maso ndikamadutsa, ndipo tsiku lina ndinapeza atatsitsa chikwama changa cha zovala pa msomali n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Inenso sindinachibwezere.

Uthenga wa intaviyu utabwera, anati ndiwaperekeze.

"Ali ndi sukulu, achimwene," anatero amayi.

"Akhale pafupi. Ndisakavutike kumufunafuna."

Tinatsika minibasi ku Kanengo m'mawa, fungo la fodya lili ponseponse, lija lokanda kummero. Pa geti panali amuna ambiri, aliyense envelopu yakhaki kukhwapa, nsapato zopolishidwa zitachita kale fumbi. Kuseri kwa mpanda wa malata kunkamveka agalu. Sikunali kuuwa kwa agalu a kwathu aja ongolongolola. Awa ankachita ngati akukoka mawu kuchokera pansi pa nthaka, ndipo chinthu china cholemera chinkamenya malata mwa apo ndi apo. Chikamenya, mzere wonse unkasuntha pang'ono.

Kunatuluka kapitawo wamfupi wovala jombo, mapepala m'manja. Dzanja lake lamanzere linali ndi zipsera kuyambira pachikhatho mpaka m'kasukusuku.

"Amene munalemba kuti mumadziwa agalu, bwerani uku. Enanu dikirani, mwina mawa."

Amuna angapo anatuluka pamzere. Malata anamenyedwanso, ndipo awiri a iwo anabwerera n'kuyamba kuyang'ana mafoni awo. Atsibweni anaima pakati, osapita kutsogolo, osabwerera. Thukuta linkatsika m'khosi n'kulowa m'kolala ya shati yobwereka. Ndikunena zoona, pamenepo mtima wanga unagunda. Akanabwerera, madzulo ake ndikanakhala pa basi. Koma pakamwa panga sipamva za mtima.

"Atsibweni," ndinanong'ona, "ndiwaimbire amayi aja kuti mwalowa?"

Anandiyang'ana kamodzi, diso lija ndimalionabe. Kenako analowa.

Ndinapeza kabowo ka msomali pa lata n'kuikapo diso. M'katimo munali bwalo la fumbi ndi makola a waya. Mnyamata wa yunifolomu anatulutsa galu pa tcheni. Ine agalu ndawaona, koma uja anali mwana wa ng'ombe wovala chikopa cha galu, wakuda kumsana, malovu akulendewera. Munthu woyamba atapatsidwa tcheni anayamba kuimba likhweru ndi kuwomba zala kuti aoneke wozolowera. Galu anangotembenuza mutu n'kuonetsa mano, ndipo bamboyo anataya tcheni n'kutuluka pa geti osatenga envelopu yake. Wachiwiri anakoka tcheni mwamphamvu, galu anamukoka iyeyo, n'kumukwekweza m'fumbi.

Kenako atsibweni.

Analandira tcheni n'kuuma. Sanasunthe phazi, sanaphethire, ndikhulupirira kuti sanapumenso. Maso anali kumwamba ku mitambo ija, milomo ikugwedera pang'ono. Galu anawazungulira, anawanunkhiza nsapato, mawondo, mpaka malo amene sinditchula. Anaima n'kuwayang'ana kumaso nthawi yaitali. Ine diso linayamba kutuluka misozi pa kabowo paja koma sindinalichotse. Kenako chigalu chija chinayasamula, n'kukhala pansi, n'kutsamira mwendo wawo.

"Mwaona?" anakuwa kapitawo. "Wodziwa galu sajijirika! Madala awa ndi akale pa ntchito. Apatseni jombo."

Tcheni anachita kuwalanda, chifukwa zala zinakana kutambasuka.

Ine ndi atsibweni tinakwera minibasi yobwerera. Jombo zinali pamiyendo, atazikumbatira ngati mwana wodwala. Mvula inagwa sabata lomwelo, yamphamvu, yomwe inagwetsa mpanda wa anthu ena kumtunda kwathu. Ine ndinavula shati n'kukaima pakati pa puloti mpaka amayi ananditulukira ndi chikuni.

Atsibweni anasamukira ku Mgona, kufupi ndi ntchito. Kusiya ntchitoyo sakanatha, pakuti amayi a mandasi anali atauza msika wonse. Tinkangomva kuti aonda, kuti chakudya sichikulowa, kuti akumayankhula okha. Ine ndinalemba mayeso a teremu n'kukhoza Chingerezi kuposa kalasi yonse, ndipo ndikuona kuti ndinayenera.

Anabwera kudzationa Lamulungu lina masana, mvula itakata. Anali atachepadi thupi, bandeji padzanja, koma ankamwetulira, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pankhope pawo. Anakhala pakhonde, nandiitana kuti ndikhale nawo pafupi.

"Alongo," anatero, "za kumudzi zija tizisiye. Mwanayu aphunzire. Ali ndi mutu."

Amayi anawomba m'manja mwaulemu, misozi ili m'maso. Atsibweni anandisisita pamutu ndi dzanja la bandeji lija, pang'onopang'ono.

"Akhale m'tauni momwemuno, pafupi. Ukudziwa, iwe, galu uja tsopano amamvera ine ndekha? Ndimadya naye mbale imodzi. Ndiye ali ndi mphuno, mwana wa mlongo wanga! Ukangomupatsa kansalu kuti anunkhize, mwiniwake amakamutulutsa ngakhale pakati pa msika."

"Ndi luso lanu la uzimba lija, atsibweni," ndinatero.

Anaseka. Anaseka nthawi yaitali, mpaka amayi anasiya kuseka nawo.

Atapita, ndinapita kukanula zovala zanga za sukulu pachingwe. Shati inalipo, buluku linalipo. Sokosi inalipo imodzi. Pamalo pa inzake panangotsala chopanira, chitapanidwa bwinobwino pa chingwe chopanda kanthu.

Pano ndili Folomu 4, ndipo m'chigafa sindinapondemo. Galimoto ya kampani ija imadutsa mumsewu wathu madzulo ndikamaweruka, yokhala ndi khola la waya kumbuyo. Ikafika pa chithaphwi cha pafupi ndi chigayo imayenda pang'onopang'ono, ndipo ndimamva chinthu chikununkhiza m'mawayamo. Anzanga amathawira kuseri kwa maokala. Ine ndimaima m'mbali mwa msewu, ndimakoka buluku kuti sokosi zanga zosiyana mitundu zioneke bwino, n'kuimika dzanja kupereka moni.