Malo Nambala 14

Anzanga akuchipatala akamafunsa za kokagona m'matenti ku Chilumba pa Tsiku la Anakubala, ndimawauza zomwe aliyense anganene. Imbirani foni kukadali sabata, fikani dzuwa lisanafike pamutu, chiphaso chikhale m'manja osati pansi pa chikwama. Langizo lenileni ndimalimeza: yambani mwafufuza kuti pakauntala pamakhala ndani.

Ine ndine namwino wa ku Ntcheu, ndinabwera ku Uliwa pantchito n'kukwatiwa konkuno. Ulendowo ndinauchonderera ndekha. Amuna anga ankazengereza, amvekere kumadzaza, koma ine kakaka. Walira mvula walira matope.

Tinafika cha m'ma 2 koloko, mzere utatulukira kunja. Magalimoto a ku Mzuzu, basi ya amayi a mvano, ana akulira ndi kutentha kwa Okutobala. Mayi wa pakauntala, wamtali, wa mpata kumano, ankauza aliyense mawu amodzimodzi: "Chiphaso. Lembani apa. Pamthunzi padzaza."

Itafika nthawi yathu, ndinatambasula foni kuti aone uthenga wotisungira malo. Sanayang'ane n'komwe. Maso ake anadumpha phewa langa.

"Imwe! Muchali ŵamoyo?" anakuwa m'Chitumbuka, kufunsa amuna anga ngati akadali moyo.

Amuna angawo, amene kunyumba amaseka mongotulutsa mpweya m'mphuno, anaseka mpaka kugwira kauntala. Chitumbuka ndimachimva akamayankhula odwala, pang'onopang'ono. Ichi chinkathamanga, ndinangotolamo dzina la sukulu ndi la mtsinje. Chinandipweteka kwambiri ndi cholembera. Mayiyo anakokera buku la alendo kwa iye n'kulemba yekha, osafunsa chiphaso: mayina onse atatu a amuna anga, mudzi, mfumu. Dzina lapakatilo ine ndinalidziwa tsiku lodulitsa mtchatho.

Kenaka anandiona. "Pepani amama, ndimwe ŵa kunyumba? Mwapokeleredwa. Pali malo pasi pa mango, ndinasungira ŵanyake koma achedwa. Tengani imwe."

Nsanje inandikwera mpaka m'makutu. Madzi saiwala khwawa, ndipo ine sindinafune kugona pamthunzi wa chikondi cha eni.

"Zikomo mayi, tipatseni amene tinasungitsa."

"Nambala 14? Kulije mtengo kula, amama. Mchenga wokhawokha."

"Omwewo."

Amuna anga anandiyang'ana n'kusenza tenti.

Nambala 14 inali kuseri, pafupi ndi poimika magalimoto. Mchenga unkawotcha mpaka kudutsa patapata. Zikhomo zinkangozuka, ukakhoma ichi, icho chatuluka. Chapatali ndinkaona banja lina, lomwe linali kumbuyo kwathu pamzere, likuyala mkeka pansi pa mango aja, mayi wake akusenda chinangwa mwaufulu. Naye ndinamuchitira nsanje, ngakhale mthunziwo ndinaukana ndi pakamwa panga.

Ndinagwira chingwe, iwo akukhoma, thukuta lili chuchuchu.

"Bambo, ndi ndani mayi wa pakauntala uja?"

"Tinaphunzira limodzi."

"Ophunzira limodzi onse amadziwa mfumu yanu?"

Anakhomanso kawiri. "Nkhani yakale, mayi. Ndinamufunsira, tisanadziwane ine na imwe."

Apo mtima unakhalako pansi pang'ono. Ndinali nditakonza kale nkhani yonse m'mutu: anamusiya, mayiyo akulirabe, n'chifukwa chake akugawa mithunzi. Ndinkangofuna ndimve iwo akunena okha, ndipo mwina ndikanabwerera kukauntala kukapepesa, monga amachitira wopambana.

"Ndiye munamusiyiranji?"

"Yayi, sindinamusiye," anatero, maso ali pachikhomo. "Anandikana ndi iyeyo. Katatu."

Ananena mosadandaula, komanso mosaseka. Ndinayembekeza kuti awonjezere kuti zinakhala bwino, kuti Mulungu anali atawasungira wina. Anangotambasula dzanja kuti ndiwapatsire chikhomo china.

Ndinawapatsira. Tinagona pamenepo masiku awiri, ndipo mpaka lero sindinawafunse chomwe chikanachitika akanayesa kachinayi.